Kalata Yotseguka: Opha ndi Kuvulaza Agogo Athu Ali ndi Mayina, Azengedwe Mlandu

Kwa olemekezeka a Nduna ya Zachilungamo, Mkulu wa Oweruza Milandu m'dziko muno, Mkulu wa Apolisi, a DPP amene mumazenga milandu m'malo mwa boma, ndi inu mafumu athu, kuyambira a ndodo mpaka a nyakwawa,

Ndikupereka moni kwa inu nonse mwaulemu waukulu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito zanu zolemetsazo. Pepani kuti ndakusonkhanitsani m'kalata imodzi. Ndatero chifukwa nkhani imene ndabwera nayo imadutsa pa tebulo la aliyense wa inu, ndipo imakonda kusowa pamene ikuchoka m'manja mwa wina kupita kwa mnzake. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, si loya ayi, koma malamulo amene nditchule pano ndi olembedwa poyera ndipo inu mukuwadziwa kuposa ine.

Nkhani yake ndi ya anthu, makamaka okalamba, amene akumenyedwa, kuotchedwa ndi kuphedwa ndi magulu a anthu powaganizira ufiti kapena mphekesera zina. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga kwa T/A Dambe ku Neno, agogo 4 anaphedwa tsiku limodzi powanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa zaka 17. Mu Malichi chaka chomwecho ku Nsanje, anthu 7 anatenthedwa powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre; anthu osachepera 9 anaphedwa, mmodzi mwa iwo wodwala khunyu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri aja. Mu Disembala 2022 ku Mzimba, amayi awiri okalamba anamenyedwa kumanda n'kukakamizidwa kukwirira manda okha, anthu akujambula pa foni. Izi ndi zimene zinamveka dziko lonse. Za m'midzi yathu, zongothera pa bwalo la mfumu, inu mafumu mukuzidziwa.

Sindinabwere kudzapempha lamulo latsopano. Malamulo alipo kale, ndipo ndi okwanira. Chimene chikusowa ndi munthu woima pamaso pa woweruza n'kuyankha zimene dzanja lake ndi pakamwa pake zinachita.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti mlandu ukapalamulidwa ndi anthu ambiri, umaoneka ngati wachepa. Munthu mmodzi akabaya mnzake ndi mpeni pamowa, mawa lake ali m'chitokosi ndipo aliyense akudziwa dzina lake. Koma anthu 50 akagenda gogo mpaka kufa, mudzi wonse umati sitinaone, apolisi amatola anyamata awiri atatu amene anachedwa kuthawa, ena onse n'kubwerera kuminda ngati palibe chachitika.

Chonsecho Penal Code, buku lathu la malamulo a milandu, silinasiye mpata woterewu. Ndime 209 ikunena za kupha mwadala, ndipo chilango chake pa ndime 210 chimafika pa imfa kapena ndende moyo wonse. Ndime 21 imati amene wathandiza, amene walimbikitsa, amene walangiza kapena kutuma mnzake kuti apalamule, amawerengedwa kuti wapalamula mlanduwo chimodzimodzi ndi amene anagwira chikwanje. Ndime 22 imawonjezera kuti anthu awiri kapena ambiri akagwirizana kuchita chinthu chosaloledwa, n'kutulukapo mlandu umene unali wodziwikiratu kuti ungatuluke, aliyense wa iwo ndi wolakwa pa mlanduwo. Ndiye kuti mayi amene anatolera miyala m'chitenje n'kumapatsira anyamata, bambo amene anatseka njira yothawira, wa kabaza amene anatsanula petulo m'thanki ya njinga yake, ndi uja anali kumbuyo akukuwa kuti "mumalizeni," onsewo ali ndi choyankha. Woweruza safunika kuuzidwa kuti mwala umene unaswa mutu unachokera m'dzanja la yani.

Ndisamveke molakwa, a Mkulu wa Apolisi. Sindikupempha kuti muzisesa mudzi wonse usiku n'kumanga mwamuna aliyense wopezeka pakhomo. Woonerera chabe si wopha, ndipo kumanga mwachisawawa kumangowonjezera mkwiyo, mapeto ake onse amatulutsidwa chifukwa umboni palibe. Ndikupempha ntchito yofufuza. Masiku ano opalamulawo amadzijambula okha. Kanema amazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook dzuwa lisanalowe, nkhope zikuoneka, mawu akumveka, ena mpaka akuitanana mayina. Ngati ine wokhala kumudzi ndingathe kuona nkhope 10 pa foni ya mdzukulu wanga, ofufuza anu angalephere bwanji kupeza mayina 10?

Dandaulo lachiwiri ndi limene limandisowetsa tulo. Imfa ya gogo siyambira pa mwala woyamba. Imayambira pa siwa. Mwana wamwalira mwadzidzidzi, mwina ndi malungo aakulu. Usiku amayi akuimba m'nyumba, ndipo kunja pamoto wina amaponya mawu: "Maliro awa ngokayikitsa." M'mawa amalume awiri akwera njinga kupita kukaombeza kwa sing'anga, kapena kwa mneneri wa masiku ano uja wa suti yonyezimira. Kumeneko munthu salipira ndalama kuti auzidwe kuti anali malungo. Woombezayo amangofunsa mochenjera: "Pamudzi panu pali mayi wachikulire wokhala yekha? Munakanganapo za munda?" Ndi banja liti limene lilibe gogo, ndipo ndi mudzi uti umene ulibe mkangano wa malire? Akamabwerera, dzina ali nalo kale. Kumanda adzukulu aika makasu pansi, akuti sakumba mpaka "mwini maliro" abwere. Amfumu akhala pampando pawo, amva zonse, ndipo ayang'ana kumbali. Pakati pa mawu a pamoto aja ndi mwala woyamba pamadutsa maola ambiri, nthawi zina masiku, ndipo anthu akuluakulu ambiri amakhala akudziwa kumene zinthu zikulowera.

Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limagwira anthu onsewa mwala usanaponyedwe. Limaletsa kuloza munthu chala pagulu kuti ndi mfiti. Limaletsa kumwetsa mwabvi. Limaletsa ntchito yosaka mfiti ndi kulemba ganyu wosaka mfiti. Limanenanso za mfumu imene yalola kapena kulimbikitsa kumwetsa mwabvi, kapena imene yadziwa koma osakanena. Nanga ndi asing'anga angati, aneneri angati, mafumu angati amene azengedwapo mlandu pa lamulo limeneli? Chomvetsa chisoni n'chakuti m'mbuyomu lamuloli linagwiritsidwa ntchito chadodolido. Mu 2010 bungwe la Association for Secular Humanism, lotsogoleredwa ndi a George Thindwa, linaulula kuti anthu pafupifupi 80, ambiri okalamba, anali m'ndende pa milandu ya ufiti. Ena mwa iwo anangovomera mlandu chifukwa cha mantha. Lamulo loteteza wonamiziridwa linatsekera wonamiziridwayo, womunamizira n'kukhala mboni ya boma.

Ndikudziwa kuti ena amati lamulo limeneli ndi la atsamunda ndipo limanyoza zimene Amalawi ambiri amakhulupirira. Mu 2021 komiti yapadera ya Law Commission, bungwe lounikanso malamulo, inapereka maganizo akuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo ndipo ochita ufiti azilangidwa. A Nduna, ine sindinabwere kudzatsutsana ndi za mumtima mwa munthu. Aliyense ali ndi chikhulupiriro chake. Koma ndikufunsa, umboni wake udzakhala wotani? Maloto a mwana wa zaka 8 amene wakhala akufunsidwa usiku wonse ndi akuluakulu mpaka wati "agogo amanditenga"? Mawu a woombeza amene walipidwa ndi odandaula omwewo? Tsiku limene khothi lidzalandire umboni wotere, khamu lidzati boma lagwirizana nafe, tangolichepetsera ntchito.

Pali chinanso chimene achipatala amachidziwa bwino. Ukalamba umabwera ndi matenda oiwala. Gogo amadzuka pakati pa usiku osadziwa kumene ali, amavula zovala, amayenda mpaka kukapezeka pakhomo pa eni kapena pafupi ndi manda m'bandakucha. Akafunsidwa amayankha zosagwirizana, mwina kutchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Anthu amathamanga n'kumati ndege yatha mafuta, mfiti yagwa. Munthu wofunika bulangete ndi womuperekeza kwawo amalandira zibonga. Amene wamenya munthu wotereyu wamenya wodwala, ndipo khothi liyenera kuliona ngati chinthu chokulitsa mlandu.

Dandaulo lachitatu ndi la amene apulumuka. Sikuti onse amafa. Ambiri amatsala ndi mkono wothyoka, diso lophulika, nyumba yopsa ndi nkhokwe yogwetsedwa, kenako n'kusamutsidwa pamudzi pamene anakwatiwa zaka 50 zapitazo. Milandu imeneyi ili ndi zilango zake. Kuvulaza munthu modetsa nkhawa, pa ndime 238, ndi zaka zofika 14 m'ndende. Kumenya munthu mpaka kumuvulaza, pa ndime 254, ndi zaka zofika 5. Kutentha nyumba mwadala ndi mlandu waukulu umene chilango chake chimafika pa ndende moyo wonse. Koma kumudzi timaona zina. Nkhani imapita pa bwalo, omenyawo alipitsidwa mbuzi imodzi ndi nkhuku ya amfumu, gogo auzidwa kuti akhululuke poti ndi ana ake omwe. Akalimba mtima n'kupita ku polisi, achibale amamutsatira mawa lake kukanena kuti takambirana pachibale, mlandu utsekedwe. Gogo angakane bwanji, pamene omenyawo ndi omwe amamutungira madzi?

Inu mafumu athu, timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ambiri mwa inu mwazimitsadi moto wambiri. Alipo mafumu amene abisapo gogo m'nyumba mwawo n'kuima pakhomo mpaka apolisi afike. Amenewo ndiwavulira chipewa. Koma kuyanjanitsa kuli ndi malire ake. Lamulo limalola kuyanjanitsa pa timilandu ting'onoting'ono monga kukankhana kopanda kuvulazana, osati pa fupa lothyoka kapena nyumba yopsa. Mlandu wa kuvulaza kapena kupha mwini wake ndi boma, ndipo mfumu ilibe mphamvu youtseka ndi mbuzi. Ndiponso tinene zoona: nthawi zambiri gogo akangosamutsidwa, munda wake umapeza mwini sabata yomweyo. Wofufuza wanzeru ayenera kufunsa kuti mundawo ukulimidwa ndi yani tsopano.

Dandaulo lachinayi ndi kuchedwa ndi kusowa kwa milandu. Apolisi amamangadi anthu, ndipo pa wayilesi timamva kuti akaonekera ku khothi posachedwa. Chimene sichifika kumudzi ndi chigamulo. Mlandu wakupha umazengedwa ku Bwalo Lalikulu lokha. Fayilo imachoka ku polisi ya m'boma kupita kwa a DPP, imadikira lipoti la kupima mtembo pamene madokotala a ntchito imeneyi ndi owerengeka, kenako imadikira tsiku limene woweruza adzafike m'bomalo. Pakadali pano mboni zakalamba, zina zasamuka, zina zaopsezedwa, chifukwa mboni ndi woimbidwa mlandu amamwa pa mjigo umodzi. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 42, amati womangidwa aonekere ku khothi pasanathe maola 48, ndipo lamulo la kazengedwe ka milandu limaika masiku 90 kuti woganiziridwa mlandu wakupha asungidwe mlandu usanayambe. Zimenezi n'zabwino ndipo ndi ufulu wa aliyense. Koma boma likachedwa, woganiziridwayo amatuluka pa belo, anthu n'kumuona akusewera bawo pa sitolo. Palibe amene anawafotokozera kuti belo si kumasulidwa. Iwo amangoti apolisi adya ndalama, ndipo ulendo wina sapitanso ku polisi, amagula petulo. Kuchedwa kwanu kukuphunzitsa anthu kutengera malamulo m'manja.

Komabe taona kuti mukafuna, mumatha. Anzathu achialubino atayamba kuphedwa, mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango mu Penal Code ndi mu Anatomy Act, lamulo lokhudza mitembo ndi ziwalo za anthu. Pa mlandu wa mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, Bwalo Lalikulu mu 2022 linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mchimwene wake wa malemuyo. Panatenga zaka 4, zomwe ndi zambiri, koma khothi silinaime pa amene anagwira mpeni yekha. Linatsata chingwe chonse, ndipo silinaope kolala kapena yunifolomu. Agogo athu akufunika khama lomwelo. Mu 2024 munakhazikitsa lamulo la anthu achikulire, Older Persons Act, ndipo tinaombera m'manja. Gogo wa kumudzi sanalionebe likumuteteza.

A Mkulu wa Apolisi, ndiloleni nditchule za Msundwe, chifukwa zikukhudza chikhulupiriro cha anthu mwa inu. Mu Okutobala 2019 khamu linapha wapolisi kumeneko, ndipo umenewo unali mlandu wakupha wofunika chilango ngati wina uliwonse. Zimene zinatsatira ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika n'zakuti amayi ndi atsikana anachitidwa nkhanza zogonana ndi apolisi, ndipo mu Ogasiti 2020 Bwalo Lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Ndalama zimenezo ndi za misonkho yathu. Chipukuta misozi cha boma sichisiyana ndi mbuzi ya pa bwalo ija ngati wopalamula mwini wake sanaime pamaso pa woweruza. Mukamauza mudzi kuti upereke mayina a ana ake, mudziwo umayang'ana ngati inu munapereka a anu.

Choncho ndikupempha zinthu izi.

1. A DPP, perekani malangizo olembedwa kwa onse ozenga milandu kuti pa imfa kapena kuvulala kochitidwa ndi khamu, ndime 21 ndi 22 zizigwiritsidwa ntchito, ndipo woloza chala, woombeza ndi wopereka petulo aziimbidwa mlandu pamodzi ndi woponya mwala pamene umboni ulipo.

2. A Mkulu wa Apolisi, lamulani kuti dandaulo lakuti "akundinena ufiti" lizilembedwa ngati mlandu tsiku lomwelo, wapolisi apite pamudzipo, ndipo gogoyo asauzidwe kuti kakambiraneni kwa amfumu kapena kuti galimoto ilibe mafuta. Kanema wa pa foni azisungidwa ngati umboni asanafufutidwe.

3. Mlandu wa kuvulaza modetsa nkhawa kapena kutentha nyumba usatsekedwe chifukwa achibale apempha. Ngati wovulalayo akufuna kulankhula, alankhule yekha ndi a Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitidwa nkhanza, achibale ali panja.

4. A Mkulu wa Oweruza, patulani masiku apadera oti Bwalo Lalikulu lizikhala m'maboma kuzenga milandu yakupha yochitidwa ndi magulu, ndipo ngati n'kotheka chigamulo chiziwerengedwa pafupi ndi mudzi umene magazi anakhetsedwa, m'chinenero cha anthu a kumeneko. Woweruza akapereka belo, afotokoze poyera tanthauzo lake ndi tsiku limene mlandu udzapitirire.

5. Mfumu imene yadziwa za chiwembu n'kukhala chete, kapena imene yasamutsa munthu pamudzi chifukwa cha ufiti, izengedwe mlandu ngati wina aliyense ndipo iyambe yaima pa udindo mpaka mlandu uthe. Wosamutsidwayo abwezeredwe nyumba ndi munda wake, apolisi ali pomwepo.

6. A Nduna, musabweretse ku Nyumba ya Malamulo bilu iliyonse yopangitsa ufiti kukhala mlandu wozengedwa ndi umboni wa maloto ndi maula. Ngati lamulo la 1911 likonzedwe, likonzedwe mokhwimitsa chilango cha wonamizira ndi wosaka mfiti, ndipo faindi zake zakale zija zifanane ndi ndalama ya lero.

7. Mboni zitetezedwe. Munthu amene walimba mtima kutchula dzina la mnansi wake asasiyidwe yekha usiku womwewo, ndipo ndalama yake yoyendera kupita ku khothi isamachokere m'thumba mwake.

8. Chaka chilichonse, tulutsani poyera chiwerengero cha milandu yoterayi boma ndi boma: angati anaphedwa, angati anamangidwa, milandu ingati yafika ku khothi, ingati yagamulidwa ndi zilango zake. Muyambe ndi ya ku Neno, Nsanje, Mulanje, Phalombe ndi Mzimba imene ndatchula pamwambapa. Makolo anati mlandu suwola, ndipo mlandu wakupha ulibe tsiku lotha ntchito.

Kwa inu amene mukuwerenga kalatayi musali pa maudindo amenewa, itumizeni kwa phungu wanu, kwa khansala, kwa abusa ndi mashehe, kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndi ku mabungwe monga MANEPO (mgwirizano wa mabungwe a anthu achikulire) ndi Malawi Human Rights Commission amene akhala akulira nawo maliro amenewa. Muiwerengenso mokweza kwa amfumu anu ngati maso awo atopa.

Olemekezeka, yankho lanu musalitumize kwa ine. Mulinene pa MBC, pa Zodiak ndi pa mawayilesi a m'madera, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena, nthawi ya madzulo pamene anthu abwerako kumunda, ndipo munene tsiku limene chiwerengero cha pa nambala 8 chidzatuluke.

Zikomo kwambiri chifukwa chondimvera.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma pantchito